SAMMY BAUGH, MUNTHU WA NTCHITO ZITATU

Ku America kuli masewera a mpira osiyana ndi amene tiwadziwa ife. Mpira wake ndi wonga dzira, ndipo osewera 11 a mbali iliyonse amaunyamula m'manja, kuuponya, ndi kugwetsana pansi. Amene atsogolera anzake pofuna kufikitsa mpirawo kumapeto kwa bwalo amatchedwa quarterback. Mwa onse amene anagwira ntchito imeneyi, mmodzi wosaiwalika ndiye Sammy Baugh.

Iye anabadwa pa 17 Marichi 1914 pafupi ndi mzinda wa Temple, m'chigawo cha Texas. Ali mnyamata anapachika tayala lakale la galimoto, nalikankha kuti lizilendewera uku ndi uku, nayesa kuponya mpira pakati pake, nthawi zina alikuthamanga. Anachita zimenezi nthawi yaitali osatopa, kufikira dzanja lake linazolowera. Motero pamene analowa sukulu yaikulu ya Texas Christian University, dzina lake linamveka msanga.

M'chaka cha 1937 analembedwa ndi timu ya Washington Redskins, imene lero itchedwa Commanders. Masiku amenewo matimu ambiri anali kukonda kuthamanga ndi mpira, ndipo anali kuuponya makamaka zinthu zitathina. Koma Baugh anaonetsa kuti kuponya bwino ndiyo njira yachidule yopambanira. M'chaka chake choyamba chomwecho timu yake inagonjetsa Chicago Bears 28 kwa 21, nikhala yoposa onse.

Tsono tsiku loipa silisowa. Mu 1940 matimu awiriwa anakomananso pa masewera omaliza, ndipo Chicago inapambana 73 kwa 0. Manyazi otere akadafooketsa munthu wina, koma iye sanataye mtima. Mu 1942 a Chicago anabweranso atapambana masewera awo onse 11 a chakacho, ndipo Baugh ndi anzake anawagonjetsa 14 kwa 6.

Chaka chake chodabwitsa chinali 1943. Nthawi imeneyo wosewera anali kukhalabe m'bwalo, mpira ukhale wa timu yake kapena wa adani, ndipo Baugh anali ndi ntchito zitatu. Yoyamba inali kuponyera anzake mpira. Yachiwiri inali kuumenya ndi phazi kuti upite kutali, adani akayambire kumbuyo. Yachitatu inali kuteteza, ndiko kuwakha mipira imene adani anali kuponyerana, ndipo chaka chimenecho anawakha 11. Pa ntchito zitatu zonsezi iye ndiye anali woyamba m'ligi monse, chinthu chimene palibe wina anachichitanso. Posewera ndi Detroit Lions anaponya mipira 4 yolowetsa zigoli, nawakhanso mipira 4 ya adani tsiku lomwelo. Phazi lake nalonso linali loopsa, pakuti mu 1940 mipira imene anamenya inali kuyenda mayadi 51.4 pa avareji, ndipo panalibe womposa kufikira 2022.

Atasewera zaka 16 analeka mu 1952. Pambuyo pake anaphunzitsa ena masewerawa, ndipo potsiriza anakhazikika pafupi ndi Rotan ku Texas komweko, naweta ng'ombe. Mu 1963 anasankhidwa kukhala mmodzi wa anthu 17 oyamba kulemekezedwa m'nyumba yokumbukira akatswiri a mpirawu ku Canton, Ohio. Anamwalira pa 17 Disembala 2008 ali ndi zaka 94, wotsiriza wa 17 aja.

Anzanga, ambiri a ife tikakhoza phunziro limodzi timanyoza ena onse, ndipo tikalephera mayeso kamodzi timati basi zathu zada. Baugh sanatero. Anaphunzira ntchito iliyonse imene timu yake inasowa, ndipo atagonja koopsa anadikira zaka ziwiri, nabweza. Tisaiwalenso kuti luso lonselo linayambira pa tayala lakale, pamene panalibe womuombera m'manja.