Antoine Lavoisier ndi Sikelo Yake

Anzanga, nkhuni zikapsa phulusa lake limapepuka. Kodi kulemera kuja kwapita kuti? Amene anayankha funsoli ndiye Antoine Lavoisier, wobadwira ku Paris m'chaka cha 1743. Iye anatenthetsa chitsulo cha tini m'botolo lotseka ndithu, naliyesa pa sikelo lisanatenthe ndiponso litazizira, napeza kuti kulemera sikunasinthe. Chomwechonso kulemera kwa nkhuni sikutayika, kumangolowa mumpweya pamodzi ndi utsi.

Koma popeza analinso wokhometsa msonkho wa mfumu, ogalukira ufumu anamdula mutu mu 1794.

Mu 1905 Albert Einstein anaonetsa kuti chinthu chikataya kutentha chimapepukadi, koma pang'ono zedi, kotero kuti sikelo ya Lavoisier sikadatha kuzindikira. Nchifukwa chake lamulo lake tikuliphunzirabe m'kalasi.