George MacDonald, Wosimba Nthano za Ana

Kumpoto kwa Scotland, dziko lija anabadwirako David Livingstone, kuli mudzi wotchedwa Huntly. Ndi dera lozizira, la mapiri ndi timitsinje, ndipo pa nyengo yachisanu madzi amaundana nalimba ngati mwala. M'mudzi umenewo munabadwa mwana wamwamuna pa 10 Disembala 1824, namutcha dzina lake George MacDonald.

Atate wake anali mlimi, munthu wofatsa ndi woopa Mulungu. Anali ndi mwendo umodzi wokha, pakuti winawo anaudula madokotala chifukwa cha nthenda. George anawakonda koposa, ndipo poona makhalidwe awo anayamba kuzindikira kuti Mulungu ndiye Atate wokonda ana ake. Amake anamwalira m'chaka cha 1832. Chotero anadziwa chisoni akali wamng'ono.

M'chaka cha 1840 anapita kukaphunzira ku sukulu yaikulu ya ku Aberdeen, mzinda umene pambuyo pake munabadwira Dr Robert Laws wa ku Livingstonia. Analakalaka kukhala dokotala, koma ndalama zinasowa. Tsono anapita ku London nakaphunzitsa ana m'nyumba ya munthu wina, ndipo m'mene anali komweko mtima wake unatsimikiza za ubusa. Ataphunzira ntchitoyo anaitanidwa m'chaka cha 1850 kukaweta mpingo wa ku Arundel, kumwera kwa England. Chaka chotsatira anakwatira namwali wina dzina lake Louisa Powell.

Koma mtendere wake sunakhalitse. MacDonald analalikira kuti chifundo cha Mulungu nchachikulu koposa umo anthu aganizira, ndi kuti chiyembekezo chilipo ngakhale kwa iwo amene anafa osamva Mawu. Akulu ena a mpingo sanakondwere nacho chiphunzitso chimenecho. Posafuna kumchotsa poyera, anachepetsa malipiro ake, poyesa kuti njala idzamthamangitsa. Iye sanachoke msanga. Anangochepetsa zofuna za pa nyumba pake, ndipo osauka a mumpingo anali kumpatsa timphatso ta zakudya. Koma pakuona kuti mpingo ulikugawanika chifukwa cha iye, anatula ntchitoyo m'chaka cha 1853. 

Zaka zotsatira zinali zowawa. Anasamukira ku Manchester, naphunzitsa apa ndi apo kuti apeze chakudya. Anadwala chifuwa chachikulu, nthawi zina nkumatsokomola mwazi, ndipo abale ake angapo anafa nayo nthenda yomweyo. Mayi wina wolemera, Lady Byron, anawerenga ndakatulo yake naikonda, namlipirira ulendo wa ku Algiers, kumpoto kwa Africa, kuti dzuwa la kumeneko limchize. Anabwerako ali bwinoko, nayamba kulemba mabuku ndi changu.

Munthu wina akadayesa kuti mbusa wopanda guwa alibenso ntchito. MacDonald anaona mwina. Anakumbukira kuti Ambuye Yesu anaphunzitsa makamu ndi mafanizo, a wofesa mbewu, a nkhosa yotayika, a mwana wolowerera. Anadziwa kuti choonadi chikalowa m'nthano chimafika mumtima, ndi kuti munthu amene aodzera pa ulaliki satha kuodzera pa nthano yokoma. Ndipo omvera sanafunikire kuwafuna kutali, pakuti Mulungu anampatsa ana 11, aamuna 6 ndi aakazi 5. M'nyumba mwake munali mwambo wosonkhana onse pamodzi, wina awerenge mokweza, ena amvere.

Mwambo umenewo unathandiza ndi ana a maiko ena omwe. Bwenzi lina la banjalo, mphunzitsi wa masamu ku Oxford amene adziwika ndi dzina la Lewis Carroll, analemba ndi dzanja nthano ya kamtsikana kotchedwa Alice, kamene kanagwera m'una wa kalulu nkukapeza dziko lodabwitsa. Anakayika ngati nthanoyo iyenera kusindikizidwa, ndipo m'chaka cha 1863 anaibwereka kwa a MacDonald. Mayi Louisa anawerengera ana awo, ana nakondwera nayo kwambiri, makamaka mnyamata wamng'ono Greville. Pomva ichi Carroll analimba mtima, ndipo bukulo linatuluka m'chaka cha 1865. Kufikira lero liwerengedwa m'zinenero zambiri.

MacDonald mwini wake anatulutsa m'chaka cha 1871 buku lotchedwa At the Back of the North Wind. Lisimba za Diamond, mwana wa munthu wosauka woyendetsa gareta, amene anali kugona pa udzu wouma pamwamba pa khola la kavalo. Usiku Mphepo ya Kumpoto inadza kwa iye m'maonekedwe a mayi wa tsitsi lalitali, nimnyamula, niuluka naye pamwamba pa London. Anaona ana osauka osesa m'misewu. Anaonanso Mphepo yomweyo, imene inali yokoma mtima kwa iye, ilikupita kukamiza chombo pa nyanja. Wolembayo sanabisire ana kuti pansi pano pali zowawa zimene sizimveka tanthauzo lake. Potsiriza pa bukulo Diamond amwalira, koma amuka wopanda mantha.

Buku lake lokondedwa koposa ndilo The Princess and the Goblin, la m'chaka cha 1872. Nkhani yake ndi iyi. Panali mwana wamkazi wa mfumu, wa zaka 8, dzina lake Irene, wokhala m'nyumba yaikulu pambali pa phiri. M'mapanga a pansi pa phirilo munali tianthu toipa, todana ndi kuunika, ta mitu yolimba ngati mwala koma ta mapazi ofewa opanda zala. Tinaopa chinthu chimodzi, ndicho nyimbo. Mnyamata wina, Curdie, mwana wa munthu wokumba m'migodi, anachidziwa chimenechi, ndipo anali kutithamangitsa ndi kuimba.

Tsiku lina la mvula Irene anakwera makwerero akale a m'nyumbamo, nasokera, napeza kachipinda kapamwamba penipeni. M'menemo munali agogo ake akalekale, a tsitsi loyera ngati siliva koma a nkhope yosakalamba, alikupota ulusi wochokera ku ukonde wa akangaude umene nkhunda zawo zinabwera nawo kuchokera kutsidya kwa nyanja. Agogowo anampatsa mphete, namangirirapo nsonga ya ulusiwo. Ulusiwo unali wosalala kotero kuti sunaoneke ndi maso. Unangomveka ndi chala. Anamlangiza kuti pakuona choopsa aike chala chake pa ulusi, nautsate kulikonse umuka, osakayika ngakhale njira ioneke yokhotakhota.

M'mawa wina Irene anadzidzimuka ndi phokoso loopsa, nautsata ulusi. Anayesa kuti udzamkweza kwa agogo ake, koma unamtulutsa panja, numlowetsa m'phiri momwemo, mumdima wa ndiweyani, kufikira unalowa m'mulu wa miyala. Mwanayo anafuna kubwerera, koma pobwerera ulusi sunamvekenso. Unangomveka kutsogolo kokha. Anadzigwetsa pansi nalira. Atatha kulira anayamba kuchotsa miyalayo umodzi umodzi, zala zake zilikupweteka. Kuseri kwa miyalayo kunali Curdie, amene tianthu tija tinamgwira ndi kumtsekera. Tsono ulusi unawatsogolera onse awiri kufikira anatuluka amoyo.

Irene anamtengera Curdie kuchipinda chija kuti akaone agogowo, koma iye anangoona chipinda chopanda kanthu, nayesa kuti mtsikanayo alikumnamiza. Amake a Curdie anamdzudzula, namkumbutsa kuti amene anampulumutsa sayenera kuyesedwa wabodza chifukwa chokha chakuti iye sanaone. Pambuyo pake tianthu tija tinaboola pansi pa nyumba ya mfumu kuti tibe Irene, koma sitinampeze. Usiku umenewo chala cha Curdie nachonso chinakhudza ulusi, nautsata, nakampeza mtsikanayo ali chigonere m'manja mwa amake a iye mwini. Ndipo madzi amene tianthuto tinapatutsa kuti amize anthu a m'migodi anabwerera natimiza tokha.

MacDonald sanalembe pansi pa nthanoyo kuti ulusi utanthauza chakutichakuti. Anafuna kuti mwana aliyense ndi kholo lililonse alingalire yekha. Koma zaka zochepa zitapita, ulusi wa moyo wake unamlowetsa iye mwini mumdima. Mwana wake wamkazi Mary anamwalira m'chaka cha 1878, Maurice mu 1879, Grace mu 1884, ndi Lilia, mwana wake woyamba, mu 1891. Atate wawo analira kwakukulu, koma sanaleke kulemba za ubwino wa Mulungu.

Chuma sanachitsate. Pamene anayendera America m'zaka za 1872 ndi 1873, makamu anasonkhana kudzamumva, ndipo mpingo wina wolemera wa ku New York unafuna kumlemba ubusa ndi malipiro aakulu, iye anakana. Kuti apeze ndalama zosamalira odwala awo, banja lonse linayendayenda m'mizinda kuchita sewero la buku la John Bunyan la ulendo wa Mkhristu, atate, amayi ndi ana aliyense ndi mbali yake. Anamanga nyumba ku Bordighera, m'dziko lofunda la Italy, naitcha Casa Coraggio, ndiko kunena kuti nyumba ya kulimba mtima. Khomo lake linali lotsegukira alendo ndi osauka.

Atakalamba anadwala nthenda yakufa ziwalo, ndipo munthu uja wa mawu ambiri anakhala chete zaka zingapo. Mkazi wake anatsogola m'chaka cha 1902, iye namwalira pa 18 Seputembala 1905, ali ndi zaka 80. Anasiya mabuku oposa 50.

Mbewu yake inamera atapita. M'chaka cha 1916 mnyamata wina wosakhulupirira Mulungu, C. S. Lewis, anagula pa siteshoni ya sitima buku la MacDonald lotchedwa Phantastes, ndipo linamgwira mtima. Pambuyo pake anatembenuka, namuyesa MacDonald mphunzitsi wake, nalembera ana mabuku 7 a dziko la Narnia pakati pa 1950 ndi 1956. J. R. R. Tolkien, mlembi wa The Hobbit, nayenso anawerenga nthano za Curdie akali mwana. Chotero mbusa amene mpingo waung'ono wa ku Arundel unamkana analalikira m'nyumba zosawerengeka, m'mene makolo ndi ana akhala pamodzi madzulo ndi buku.

Mafunso

1. Chinamchotsa MacDonald ku Arundel nchiyani?
2. Ana a MacDonald anamthandiza bwanji Lewis Carroll?
3. Irene anachitanji pamene ulusi unalowa m'mulu wa miyala?
4. Amake a Curdie anamdzudzuliranji mwana wawo?
5. Simbani nthano ya Irene kwa abale anu kunyumba madzulo ano.