Irving Langmuir, mkulu amene anayambira pa babu lakuda

Anzathu a kalabu, mwezi uno pa tsamba la mbiri tili ndi Irving Langmuir, katswiri wa kemisitiri wa ku America. Dzinali n'lachilendo, eti? Koma ngati munakulira m'nyumba ya mababu akale aja a kawaya mkati, ntchito yake munaiona ndi maso.

Anabadwa pa 31 Januwale 1881 ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Anaphunzira pa yunivesite ya Columbia, kenako ku Göttingen m'dziko la Germany, komwe anatenga digiri ya udokotala mu 1906. Atabwerera kwawo anayamba uphunzitsi, koma kalasi inkamudyera nthawi yonse ya kafukufuku. Mu 1909 anapita ku labotale ya kampani ya General Electric ku Schenectady kukagwirako ntchito pa holide chabe. Anachokako mu 1950!

Vuto lomwe analipeza kumeneko linali la mababu. Babu likayaka kwa nthawi, galasi linkada mkati chifukwa kawaya ka tungsten kakatentha kwambiri kankatha pang'onopang'ono, tizidutswa take n'kumakamatira pagalasi. Anthu ankaganiza kuti mankhwala ake n'kupopa mpweya wonse m'babumo. Langmuir anachita zosiyana: ankalowetsamo dala mipweya yosiyanasiyana kuti aone chichitike n'chiyani. Pofika 1913 anali atapeza kuti ukadzaza babu ndi mpweya monga nayitrojeni, kawayako n'kukapota, babu limawala bwino osada msanga.

Chachikulu chinatuluka m'masewera omwewo. Anaona kuti mpweya ukakhudza chitsulo, mamolekyu ake samangounjikana ayi. Pamwamba pa chitsulo pali malo owerengeka, ngati mipando m'holo, molekyu iliyonse ndi mpando wake. Mipando ikadzaza basi, zatha, mpaka wina anyamuke. Mu 1918 analemba pepala lofotokoza zimenezi ndi masamu ake, atayesa pa galasi, mica ndi platinum.

Nanga phindu lake? Pali zinthu zotchedwa makatalisiti, zimene zimafulumizitsa kusintha kwa mankhwala izo osatha. Ntchito yake zimaigwirira pamwamba pomwepo: mamolekyu awiri amakhala pamipando yoyandikana, amakumana, n'kuchoka ali chinthu china. Ndi mmene platinum ya mu ekizozi ya galimoto imasandutsira mpweya wakupha wa carbon monoxide kukhala carbon dioxide. Nayonso amoniya yopangira feteleza imapangidwira pamwamba pa chitsulo. Mu 1932 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Sankagwira yekha. Katharine Blodgett, yemwe analowa mu labotaleyo mu 1918, anagwira naye ntchito ya timafuta toyala pamadzi, topyapyala molekyu imodzi yokha, ndipo mu 1938 mayiyu anapanga galasi losanyezimira.

Pali mbali ina yomwe kwa ine ndi yomvetsa chisoni. Atakula, Langmuir anatengeka ndi zogwetsa mvula pomwaza mankhwala m'mitambo. Mu Okutobala 1947 gulu lake linamwaza ayezi wouma mu namondwe amene anali panyanja. Namondweyo anakhota n'kukawononga dera la Savannah ku Georgia. Iye anakhulupirira kuti anamukhotetsa ndi iwo, pomwe akatswiri a zanyengo anasonyeza kuti anali atayamba kale kukhota. Chodabwitsa n'chakuti mu 1953 mkulu yemweyu anakamba nkhani yotchuka yochenjeza asayansi amene amadzinamiza okha poona zimene mtima wawo ukufuna. Pa nkhani ya mvula, ambiri amati nayenso anagwa m'mbuna yomweyo.

Anamwalira pa 16 Ogasiti 1957 ku Massachusetts, atalemba mapepala a kafukufuku oposa 200, amene pambuyo pake anawasonkhanitsa m'mabuku 12. Asayansi amayeza kulemera kwa pepala poona kuti anzawo akulitchula kangati m'zolemba zawo, ndipo la 1918 lija likutchulidwabe chaka ndi chaka. Wophunzira wa pa yunivesite akamayesa ngati makala a zitsononkho angachotse mankhwala oipa m'madzi akumwa, kawirikawiri masamu amene amayambira ndi a Langmuir. Kuyambira 1985 bungwe la American Chemical Society limatulutsa magazini ya kafukufuku wa mtundu umenewu, dzina lake Langmuir.