MARTIN LUTHER, MUNTHU WOFUNA MTENDERE NDI MULUNGU

Munthu wocokera ku Chipata pa mseu waukuru wa kum'mawa, asanalowe pakati pa mzinda wa Lusaka, apyola pa Chelstone. Pamenepo pali sukulu ya ubusa ya mpingo wa Lutheran Church of Central Africa, umene amishoni a ku America anauyamba m'dziko lino caka ca 1953. Abusa ambiri a ku Zambia ndi a ku Malawi anaphunzira pamenepo. Dzina la mpingowo licokera kwa munthu amene sanaponde dziko la Afrika, koma citsime cimene iye anafukula amwapo Akristu a mipingo yambiri, a Reformed ndi a CCAP omwe. Mbiri yace ndi iyi.

Martin Luther anabadwa pa 10 November 1483 ku Eisleben, m'dziko la Germany. Atate wace, Hans Luther, anali munthu wa ku migodi ya mkuwa ku Mansfeld, woyang'anira ng'anjo zosungunulira mkuwawo. Iwo anafuna kuti mwana wao aphunzire malamulo a dziko, akhale munthu womveka. Cifukwa cace caka ca 1501 anamtumiza ku sukulu yaikuru ya ku Erfurt, ndipo mnyamatayo anakhoza bwino.

Koma pa 2 July 1505, pobwerera ku Erfurt kucokera kwa makolo, mvula ya mabingu inampeza pafupi ndi mudzi wa Stotternheim, ndipo mphezi inagwa pambali pace. Poopa imfa ndi ciweruzo, anapfuulira Ana Woyera, amene anthu a m'migodi anamuyesa mtetezi wao, nawinda kuti akapulumuka adzakhala mmonke. Pa 17 July analowa m'nyumba ya amonke a Augustine ku Erfurt, angakhale atate wace anapsa mtima kwambiri.

M'nyumbamo Luther anasunga malamulo onse ndi cangu. Anadzuka usiku kukapemphera, anasala kudya, nazunza thupi lace m'cisanu. Caka ca 1507 anamdzoza unsembe. Anzace anamuyesa munthu wopatulika, koma paja akuru anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mtima wace unalibe mpumulo. Anakhala nthawi yaitali akuulula macimo ace, ndipo poturuka anakumbuka ena amene anawaiwala. Anaona kuti Cilamulo cifuna kuti munthu akonde Mulungu ndi mtima wonse, pamene iye anali kumuopa kokha, ndipo nthawi zina anamuda, monga kapolo ada mbuye wouma mtima. Pamene anamtuma ku Roma anakwera cogwada makwerero opatulika a kumeneko, koma anabwerako ndi katundu wace yemweyo.

Mkuru wa amonkewo, Johann von Staupitz, anamcitira cifundo. Anamlangiza kuti aleke kudzipenyetsetsa yekha, ayang'ane mabala a Kristu, ndipo anampatsa nchito yophunzitsa Malembo ku Wittenberg. Luther analandira udokotala wa za Mulungu caka ca 1512. Anayamba kumasulira Masalmo mu 1513, kalata wa kwa Aroma mu 1515, ndi wa kwa Agalatiya mu 1516.

Ndime imene inamsautsa koposa inali Aroma 1:17, pamene Paulo anena za cilungamo ca Mulungu coululidwa m'Uthenga Wabwino. Luther anayesa kuti cimeneci ndico cilungamo ca woweruza wolanga ocimwa, ndipo anazizwa kuti mau otere angakhale bwanji uthenga wabwino. Atasinkhasinkha usana ndi usiku, anazindikira kuti Paulo anena za cilungamo cimene Mulungu apatsa munthu kwaulere cifukwa ca Kristu, ndipo munthu acilandira ndi cikhulupiriro cokha. Zifanana ndi munthu wa mlandu pa bwalo la mfumu, wopanda mbuzi kapena nkhuku yolipira. Nkhoswe yace ibwera, nilipira zonse. Munthuyo sanaonjezepo kanthu. Cace ndico kubvomera ndi kuyamika. Pozindikira ici, mantha a Luther anatha.

Caka ca 1517 mmonke wina, Johann Tetzel, anayendayenda pafupi ndi dera la Wittenberg akugulitsa makalata ocotsa cilango ca macimo, ca amoyo ndi ca akufa omwe. Gawo la ndalamazo linali lomangira kacisi wa Petro Woyera ku Roma. Anthu a Luther anakagula makalatawo, nayesa kuti kulapa sikufunikanso. Monga mbusa wa nkhosa, iye sanathe kukhala cete. Pa 31 October 1517 anatumiza mitu 95 yotsutsa malondawo kwa Albrecht, bishopu wamkuru wa ku Mainz, ndipo mbiri yakale inena kuti anaikhomanso pa citseko ca kacisi wa ku Wittenberg. Osindikiza mabuku anaiwanditsa msanga m'dziko lonse.

Mlandu unakula. Papa Leo X anamtumizira kalata womlamula kubweza mau ace, koma Luther anamtentha poyera pa 10 December 1520, ndipo mu January 1521 anamcotsa mumpingo. Mu April caka comweco anaimirira pa msonkhano wa ku Worms, pamaso pa mfumu yaikuru Charles V ndi akalonga. Anadziwa kuti Jan Hus, amene anatsutsana ndi akuru a mpingo kale, anamtentha pamoto caka ca 1415. Atapempha nthawi yakuganiza napatsidwa tsiku limodzi, anakana kubweza ciphunzitso cace ngati sanamtsutse ndi Malembo kapena ndi zifukwa zomveka. Mfumu inalamulira kuti munthu asamsunge kapena kumpatsa cakudya.

Pobwerera kwao, anthu a kalonga Frederick wa ku Saxony anamgwira panjira monga acifwamba, namubisa m'linga la Wartburg. Ali m'menemo anatembenuza Cipangano Catsopano kucokera m'Cigriki kunka m'Cijeremani m'masabata ngati 11, ndipo cinasindikizidwa mu September 1522. Buku Lopatulika lonse linaturuka mu 1534. Anafuna kuti mai wa pakhomo ndi mwana wa kubusa amve Mau a Mulungu m'cinenero cao.

Caka ca 1525 anakwatira Katharina von Bora, ndipo anabala ana 6. Poyendera midzi anapeza anthu osadziwa ngakhale Pemphero la Ambuye, ndipo mu 1529 analemba Katekisma Wamng'ono kuti atate aphunzitse a m'banja mwao. M'katekismamo Malamulo Khumi ali poyamba, pakuti Luther sanataye Cilamulo. Anaphunzitsa kuti Cilamulo ciri ngati kalirole: cionetsa munthu litsiro lace, koma sicimsambitsa. Nchito zabwino ndizo zipatso za mtengo umene Mulungu anauciritsa kale.

Luther sanali wopanda banga. Anali waukali pakamwa. Pamene alimi osauka anaukira eni minda mu 1525, analemba mau ouma olimbikitsa akalonga kuwakantha, ndipo mu 1543 analemba zoipa ndithu za Ayuda, zimene mipingo yambiri ya Lutheran inazikana poyera pambuyo pace. Zimenezi siziyenera kubisika. Zionetsa kuti mlaliki wa cisomo anasowa cisomo comweco kufikira tsiku lace lomariza.

Atakalamba ndi kudwala, ananka ku Eisleben m'nyengo yacisanu kukayanjanitsa akalonga a ku Mansfeld amene anali pa mkangano. Mlanduwo utatha, anamwalira m'mudzi womwe anabadwira pa 18 February 1546, ali ndi zaka 62, akubvomereza Kristu amene anamlalikira. Anamuika m'kacisi wa ku Wittenberg.

Funso limene linasautsa Luther likali m'midzi ndi m'makomboni lero lomwe. Alipo Mkristu amene akhulupira kalata wace wa mpingo, copereka cace ca mwezi ndi mwezi, ndi kuti sanalawe mowa zaka zambiri, nayesa kuti Mulungu ali naye ngongole. Aliponso wina amene anagwa m'chimo, nakhala kunyumba ndi manyazi, poyesa kuti ayenera kudzikonza yekha asanabwere kwa Ambuye. Onse awiri ayang'ana nchito zao, wina modzitama, wina motaya mtima. Pofika tsiku la 31 October, onse awiri atsegule Aroma 3:21-28 ndi Aefeso 2:8-10, awerenge pang'onopang'ono, ndipo aone amene analipira mlandu wao.