William Koyi, Mtumiki Wodzipereka Yekha

Pamene tikumbukira atate amene anatitengera Uthenga Wabwino, kuyenera kuti tichule dzina la William Koyi. Maina a Azungu a Misyoni tiwadziwa tonse. Koma munthu uyu anali wakuda mnzathu, wa mtundu wa Axhosa, wobadwa m'caka ca 1846 ku dziko la Cape.

Pa unyamata wace anatsogolera ng'ombe za ngolo, nagwira nchito ku Uitenhage ndi ku Port Elizabeth. Kumeneko anaphunzira kuwerenga, natembenuka mtima m'caka ca 1869. M'caka ca 1871 anayenda pansi ulendo wautali kunka ku sukulu ya Lovedale, wosacita manyazi kuyamba maphunziro ali wamkuru.

Ndipo kunali m'caka ca 1876, Dr. James Stewart, mkuru wa sukuluyo, anafunsa ngati alipo ena ofuna kunka ku Nyanja kukathandiza Misyoni ya Livingstonia, imene idayamba ku Cape Maclear caka capitaco. Panalibe wokakamizidwa. Anaimirira anyamata oposa khumi, nasankhidwa anai: Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Koyi anadziyesa wocepa nzeru mwa anzace, nadzipereka ngakhale ku nchito ya kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Cimene cinamuimiritsa ndico mangawa a mumtima: iye adalandira cipulumutso kwaulere, ndipo sanakhoza kukhala cete pokhala ena asanacimve. Komanso sanaimirira yekha. Anali pakati pa anzace a sukulu imodzi, ndipo mtima wa wina unalimbitsa wa mnzace.

Mayesero sanacedwa. Wauchope anadwala nabwezedwa kwao. Mngunana anamwalira ku Cape Maclear m'caka ca 1877. Pambuyo pace Ntintili nayenso anabwerera. Koyi anatsala yekha mwa anai aja.

Masiku amenewo Angoni anali kuthira nkhondo Atonga ndi mitundu yina, ndipo panalibe mlendo wolowa m'midzi yao wosaopa. Koma makolo a Angoni adacokera kum'mwera komweko, naoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'caka ca 1835. Cifukwa cace cinenero cao cinafanana ndi ca Koyi, ndi miyambo yao anaidziwa. Iye ndiye anamasulira mau pamene Dr. Robert Laws anaonana ndi Inkosi M'mbelwa m'caka ca 1879, ndipo kuyambira 1882 anakhala ku Njuyu pakati pao. Anakhala nao pabwalo, namva milandu yao, napirira ziopsezo zao, kufikira anamuyesa mbale. Cikondi ca Kristu cinamtuma, koma cibale ndico cinamtsegulira khomo.

Zaka zonsezo mafumu anakaniza sukulu, ndipo zipatso sizinaoneka. Cilolezo cinadza m'caka ca 1886, Koyi ali gone pa mphasa ya imfa. Anacimva ndi makutu ace, nakondwera, namwalira pa 4 June caka comweco; manda ace ali ku Njuyu. Mawelera Tembo ndi mbale wace Makara, Angoni oyamba a kumeneko kubatizidwa, analowa mu Mpingo m'caka ca 1890, wofesa mbeu atagona kale.

Tsono, abale, nanga ife? Pakafunika oumba njerwa za nyumba ya Mulungu, kapena okadwazika nkhalamba yopanda ana, kapena mlaliki wa ku mudzi wakutari, kawiri kawiri tiyamba kufunsa za mphotho, kapena tiyembekeza ophunzira kopambana. Koyi sanayembekeza kukhala wanzeru. Inu alaliki ndi aphunzitsi, poitana anthu ku nchito musayambe ndi kudzudzula. Akumbutseni cimene analandira kwa Ambuye, nimuwatume awiri awiri ndi atatu atatu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo kumene mutumidwa, muyambe mwakhala abale a eni mudzi, monga anacita iye. Mulungu autse mwa ife mtima womwewo.