HARRY MWAANGA NKUMBULA: MPHUNZITSI AMENE ANATSUTSA MABOMA AWIRI

Mwa anthu amene anamenyera ufulu wa dziko la Zambia, ambiri anayamba nchito yao ali ndi coko m'manja, ataimirira patsogolo pa ana a sukulu. Mmodzi wa iwo anali Harry Mwaanga Nkumbula. Mbiri yao isiyana ndi ya anzao pa cinthu cimodzi. Anzao ambiri anatsutsa boma la Azungu kufikira tsiku limene iwo eni anakhala boma. Koma a Nkumbula, atatsutsa boma la Azungu zaka 11 monga mtsogoleri wa Congress, anatsutsanso boma la anthu akuda anzao pafupi-fupi zaka 9 dziko litalandira ufulu. Cifukwa ca ici moyo wao uonetsa bwino m'mene boma litayira cikhulupiriro ca anthu, ndiponso m'mene wotsutsa boma angatayire cikhulupiriro comweco.

UBWANA NDI UPHUNZITSI

A Nkumbula anabadwira m'mudzi wa Maala, m'boma la Namwala, pa nthawi ya nkhondo yaikulu yoyamba ya dziko lonse. Anali a mtundu wa Aila, anthu oweta ng'ombe m'madambo a mtsinje wa Kafue. Anaphunzira m'masukulu a mishoni ya Methodist, natsiriza Standard VI pa sukulu ya Kafue m'caka ca 1934. Masiku amenewo mnyamata wofika Standard VI anali wophunzira ndithu, koma nchito zomuyembekezera zinali zowerengeka: ukalaliki, ulaliki kapena uphunzitsi. Iwo anatenga uphunzitsi, nayamba kuphunzitsa kwao ku Namwala.

Patapita zaka analowa uphunzitsi wa boma, natumizidwa ku Migodi, ku Mufulira ndi ku Kitwe. Kumeneko anaona ndi maso ao zimene kumudzi anali kungozimva. Mzungu ndi munthu wakuda anali kutsikira mumgodi umodzi, koma malipiro ao ndi nyumba zao zinasiyana kutali, ndipo nchito zaluso zinaletsedwa kwa wakuda ngakhale azidziwe. Popeza anthu akuda analibe mau m'boma, ophunzira anali kusonkhana m'timabungwe ta Welfare, m'mene anali kulemba madandaulo ao ndi kuwatumiza kwa akulu a boma. A Nkumbula anali mlembi wa bungwe lotere ku Mufulira, ndipo anathandiza kuyambitsa lina ku Kitwe.

M'caka ca 1946, ndi cithandizo ca Sir Stewart Gore-Browne, amene anali kuimirira anthu akuda m'Nyumba ya Malamulo, anapita kukaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda. Pambuyo pace anaoloka nyanja kunka ku London, kumene analandira diploma ya uphunzitsi, nayamba maphunziro a zacuma pa London School of Economics. Ali komweko, mu February 1949, atsogoleri a Azungu anasonkhana ku Victoria Falls kudzapangana za kulumikiza Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pa msonkhanowo panalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. A Nkumbula pamodzi ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anali dokotala ku London, analemba kalata yaitali yokana cipanganoco. Mantha ao anali akuti maiko awiri a kumpoto, amene anali pansi pa citetezo ca Britain, adzagwa m'manja mwa Azungu a ku Southern Rhodesia, kumene lamulo la 1930 linali litagawa kale nthaka monga mwa khungu la munthu. Ndale zinawadyera nthawi ya mabuku, ndipo anabwerera kwao m'caka ca 1950 alibe digiri.

NKHONDO YA CITAGANYA

M'caka ca 1951 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Northern Rhodesia African Congress m'malo mwa Godwin Mbikusita Lewanika, ndipo posacedwa cipanico cinapatsidwa dzina lakuti African National Congress. Anali odziwa kulankhula pa gulu, ndipo anayendayenda m'matauni ndi m'midzi, nakopa mafumu, anchito ndi aphunzitsi anzao.

Boma la Britain linanena kuti Citaganya cidzakulitsa cuma ndi kubala ubale pakati pa mitundu. Koma cakudya cokoma sacita kumkanikizira munthu m'kamwa, ndipo anthu anaona kuti kukana kwao konse sikunawerengedwa kanthu. Mu March 1953 a Nkumbula anatentha pepala la boma lofotokoza za Citaganya pamaso pa khamu la anthu mu Lusaka, naitanitsa masiku awiri a mapemphero, pa 1 ndi pa 2 April, kuti anthu asapite ku nchito. Cinthuci sicinayenda monga anayembekezera. Olemba nchito anaopseza kuti wojomba adzacotsedwa, ndipo bungwe la anchito a m'migodi, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, silinalowako. Citaganya cinakhazikitsidwa caka comweco, likulu lace ku Salisbury. M'Nyumba yace ya Malamulo ya mipando 35, anthu akuda a maiko onse atatu anali ndi mipando 6.

Boma linapambana, koma linalipira mtengo waukulu, pakuti mau ace anapepuka m'makutu a anthu. Pa zaka zimenezo mphekesera inafala yakuti shuga wa m'masitoro wathiridwa mankhwala oletsa kubala. Linali bodza, koma ambiri analikhulupirira, ndipo kukana kwa boma sikunathandiza, cifukwa wokanayo anali yemwe uja amene sanamvera anthu pa nkhani ya Citaganya.

Congress inatembenukira ku zinthu zimene munthu aliyense anali kukomana nazo tsiku ndi tsiku. M'masitoro ambiri a nyama munthu wakuda sanaloledwa kulowa pakhomo. Anali kugula pa kazenera ka kumbali, nalandira nyama yokulunga kale asanaione. M'caka ca 1954 anthu a mu Lusaka analeka kugula m'masitorowo, ndipo mcitidwe umenewu unafalikira ku matauni ena. Mu January 1955 a Nkumbula ndi mlembi wamkulu wa cipani, Kenneth Kaunda, amenenso anali mphunzitsi, anamangidwa miyezi iwiri ndi nchito yakalavula gaga cifukwa copezeka ndi mabuku oletsedwa.

KUGAWANIKA KWA CIPANI

Atatuluka m'ndende, anyamata a m'cipani anayamba kudandaula kuti mtsogoleri wao wafooka, kuti akonda zokondweretsa moyo koposa nchito, ndi kuti alamulira cipani yekha osafunsa anzace. Mkangano unafika pacimake m'caka ca 1958, pamene Bwanamkubwa Sir Arthur Benson anabweretsa malamulo atsopano a masankho, opatsa voti anthu akuda owerengeka okha, amene anali ndi maphunziro ndi cuma. A Nkumbula anaganiza kuti nkwabwino kulowa m'Nyumba ya Malamulo ndi kumenyera m'kati. Anyamata anati kulowamo ndiko kubvomera cinyengo. Mu October 1958 a Kaunda, Simon Kapwepwe ndi ena anacoka nayambitsa Zambia African National Congress. Boma linaletsa cipanico mu March 1959, mwezi womwewo umene a Nkumbula anapambana mpando pa masankho. Anthu ambiri anaona mtsogoleri wakale atakhala m'Nyumba ya Malamulo pamene anyamata anali m'ndende, ndipo mitima yao inatsata anyamatawo. M'malo mwa cipani coletsedwaco munabadwa UNIP.

Tsoka linanso linawagwera. M'caka ca 1960 galimoto imene anali kuyendetsa inagunda wapolisi wacikuda, namwalira. Bwalo la milandu linawapeza olakwa, ndipo anakhala m'ndende miyezi 9, natuluka mu January 1962. Pa nthawi imeneyo UNIP inakula m'zigawo zambiri, ndipo mphamvu ya Congress inatsala maka-maka kumwera ndi pakati pa dziko.

Komabe caka comweco cinawapatsa tsiku lao lalikulu. Pa masankho a kumapeto kwa 1962, United Federal Party, cipani ca Citaganya, cinapeza mipando 16, UNIP 14, ndipo Congress 7. Panalibe cipani cokhoza kupanga boma pacokha, ndipo onse awiri anayang'ana kwa a Nkumbula. Iwo anali atapangana kale ndi United Federal Party za kuthandizana mavoti, cinthu cimene cinawadetsera mbiri pakati pa anthu ambiri. Koma itafika nthawi yosankha, anagwirizana ndi UNIP, anthu omwe aja amene anawathawa ndi kuwanyoza. Mu December 1962 dziko linakhala ndi boma loyamba lotsogozedwa ndi anthu akuda, ndipo mphunzitsi wa ku Maala anakhala nduna ya maphunziro a anthu akuda. Citaganya cinatha pa 31 December 1963.

WOTSUTSA M'DZIKO LAUFULU

Pa masankho a January 1964 UNIP inapeza mipando 55, Congress 10. Tsono pamene mbendera ya Zambia inakwezedwa pa 24 October 1964, a Nkumbula anali mtsogoleri wa otsutsa. Nchito imeneyi inali yobvuta koposa yoyamba ija. Kutsutsa mlendo anthu anakumvetsa, koma kutsutsa mwana wa m'mudzi amene wabweretsa ufulu ambiri anakuyesa nsanje kapena kugulitsa dziko. Anyamata a cipani colamula anali kuimirira pa misika ndi pokwerera mabasi kufunsa makhadi a cipani, ndipo ndeu pakati pa otsatira zipani zinapha anthu. Anthu a m'zigawo zotsutsa anayamba kukhulupirira kuti nchito, ngongole ndi citukuko zipita kwa okhawo a khadi loyenera.

Masankho a December 1968 anaonetsa kukula kwa mng'alu. Boma linali litaletsa United Party ya Nalumino Mundia, ndipo otsatira ace analowa Congress. UNIP inapeza mipando 81, Congress 23, yambiri ya iyo kumwera ndi kumadzulo. Ngakhale zinatero, Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, Robinson Nabulyato, anakana kuizindikira Congress monga cipani cotsutsa cobvomerezeka. M'caka ca 1971 a Kapwepwe naonso anacoka mu UNIP nayambitsa United Progressive Party. Mu February 1972 cipanico cinaletsedwa, ndipo iwo ndi anzao oposa 100 anatsekeredwa popanda mlandu.

Mwezi womwewo a Kaunda analengeza kuti dziko lidzakhala la cipani cimodzi. Zifukwa zao sizinali zopanda pace. Zipani zinali kutsata mitundu ndi zigawo, mwazi unali utakhetsedwa, ndipo dziko linazingidwa ndi maboma a Azungu odana nalo, maka-maka kuyambira pamene Rhodesia inapandukira Britain mu 1965. Koma bungwe la Mainza Chona, limene linatumidwa kukamva maganizo a anthu, linauzidwa kufunsa za mayendetsedwe a cipani cimodzi cabe, osati ngati anthu acifuna. A Nkumbula anakana kukhala m'bungwelo. Anali ataona kale boma lina likufunsa anthu za cinthu cogamulidwa kale. Sanaitana anthu ku ciwawa. Anatengera boma ku bwalo la milandu, nagonja, nacita apilo, nagonjanso. Pa 13 December 1972 lamulo la cipani cimodzi linasainidwa.

Pa 27 June 1973, ku Choma, a Nkumbula analengeza pamodzi ndi a Kaunda kuti iwo ndi otsatira ao alowa UNIP. Ena aciyesa cintchito camtendere cimene cinaletsa kukhetsa mwazi kumwera. Ena aciyesa kugonja kwa munthu wotopa. Coonadi ncakuti njira zonse zololedwa ndi lamulo zinali zitatsekedwa, ndipo njira ya nkhondo sanaifuna.

MASIKU OTSIRIZA

Lonjezo la cipani cimodzi linali lakuti munthu adzakhala ndi ufulu wotsutsa ali m'kati. M'caka ca 1978 a Nkumbula ndi a Kapwepwe analiyesa lonjezolo pofuna kupikisana ndi a Kaunda pa utsogoleri wa UNIP. Malamulo a cipani anasinthidwa msonkhano wa ku Mulungushi uli pafupi, ndipo onse awiri analetsedwa kuima. Anapitanso ku bwalo la milandu, koma sanaphula kanthu. A Kapwepwe anamwalira mu January 1980, ndipo a Nkumbula anawatsata pa 8 October 1983.

Mau a akulu akoma akagonera. Mu June 1990 anthu anacita cipolowe mu Lusaka cifukwa ca kukwera kwa mtengo wa ufa, ndipo mu December caka comweco a Kaunda anasaina lamulo lobwezera zipani zambiri. Pa masankho a 31 October 1991 cipani ca MMD cinapeza mipando 125 mwa 150, ndipo a Kaunda anatula pansi udindo mwamtendere. M'caka ca 2011 bwalo la ndege la ku Livingstone linapatsidwa dzina la Harry Mwaanga Nkumbula.

Pophunzitsa mbiri ya dziko nkosabvuta kuchula opambana okha, ndi kusiya ogonja m'mzere umodzi wa buku. A Nkumbula sanakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo zolakwa zao sizibisika: zina mwa izo ndizo zinawacotsera otsatira. Koma kawiri konse anacenjeza boma kuti anthu osafunsidwa adzaleka kulikhulupirira, ndipo kawiri konse zinacitika comweco, mu 1963 ndi mu 1991. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ana amene aphunzira m'kalasi kuti mnzao wokweza dzanja kutsutsa yankho sali mdani, adzadziwa kumvera munthu wotere akadzakula ndi kupatsidwa udindo.