John Philip Sousa: mwana wa woimba lipenga amene adaphunzitsa ana a eni

Mudamvapo bandi ya asilikali ikuimba pa cikondwerero ca 25 Juni, kaya pa wailesi kaya pa bwalo? Malipenga akalira ndipo ng'oma ikagunda, phazi limayamba lokha kuponda pansi. Nyimbo zotere zimachedwa nyimbo zogubira. Lero muwerenga za munthu amene adapeka nyimbo zogubira zoposa 130, mpaka anthu adamucha mfumu ya nyimbo zimenezi. Dzina lake ndi John Philip Sousa.

Dzina lakuti Sousa si lacilendo kwa ife kuno ku Tsangano ndi ku Macanga, eti? Ndi dzina la Cipwitikizi ndithu. Bambo ake, a António de Sousa, adabadwira ku Spain, koma makolo ao adali Apwitikizi. Adasamukira ku America, ndipo kumeneko adakwatira mai wocokera ku Germany. John adabadwa pa 6 Novembala 1854 mu mzinda wa Washington. Adali wacitatu m'banja la ana 10.

Bambo akewo ankaimba lipenga lalitali lochedwa trombone. Ankaimba mu bandi ya asilikali ochedwa Marine, imene imaimbira mtsogoleri wa dziko la America. Kuyambira 1861 mpaka 1865 m'dzikomo mudali nkhondo ya paciweniweni. Mzinda wa Washington udadzaza ndi asilikali, ndipo m'miseu munkadutsa mabandi kawirikawiri. John adakula akumva zimenezi. Atakalamba adalemba buku la moyo wake, Marching Along, limene lidatuluka mu 1928.

Ali ndi zaka pafupifupi 7, makolo adamutumiza kwa mphunzitsi wa nyimbo dzina lake John Esputa. Kumeneko adaphunzira vayolini, piyano, citoliro ndi malipenga. Adaphunziranso kuwerenga nyimbo zolembedwa pa pepala. Inde, nyimbo nazo zimalembedwa. Zili ndi mizere yake ndi timadontho take. Munthu amene sadaphunzire amangoona ngati nyerere zayenda pa pepala, monga mmene zilembo zinkaonekera kwa inu musadayambe sukulu ya akulu. Koma wophunzira akayang'ana pepalalo amamva nyimbo m'mutu mwake, ngakhale amene adaipeka ali kutali kapena adamwalira kale.

Mu 1868, ali ndi zaka 13, mnyamatayu adatsala pang'ono kuthawa pakhomo. Ankafuna kutsatira gulu la masewera oyendayenda kuti azikaimba m'bandi yao. Bambo ake atadziwa, adamutenga n'kukamulembetsa mu bandi ya Marine ngati wophunzira nchito. Taonani nzeru za bamboyu, amai ndi abambo. Sadamuletse mwana kuimba ai. Adaona kuti mwanayo mtima wake uli pa nyimbo, ndiye adamuika pamalo poti aphunzire bwino ali pafupi ndi maso ao. Paja amati kuongola mtengo m'poyamba.

John adakhala m'bandiyo zaka zingapo. Atatuluka, ankaimba vayolini m'nyumba za zisudzo, makamaka mu mzinda wa Philadelphia, ndipo ankaphunzitsanso ena kuimba. Adakwatira mu 1879, ndipo banja lao lidakhala ndi ana atatu.

Mu 1880 adaitanidwa kuti abwerere ku bandi ya Marine, tsopano ngati mtsogoleri wake. Adali ndi zaka 25 zokha basi. Apa mpamene uphunzitsi wake udaonekera. Sankafuna kuti oimba azingoomba malipenga mwaphokoso. Ankawayeseza mobwerezabwereza, kufikira aliyense atadziwa pokweza mau ndi potsitsa mau. Adatsogolera bandiyi zaka 12, pa nthawi ya atsogoleri a dziko asanu, ndipo idasanduka bandi yolemekezeka m'dziko lonse.

Nkhani ina ingakukondweretseni inu amene mukuphunzira kulemba. Mu 1889 nyuzipepala ya Washington Post idacititsa mpikisano wa ana a sukulu wolemba nkhani. Eni nyuzipepala adapempha Sousa kuti apeke nyimbo ya pa tsiku lopereka mphoto. Iye adapeka nyimbo yogubira n'kuicha dzina la nyuzipepalayo. Nyimboyo idachuka mpaka ku Ulaya, ndipo mabandi akuiimbabe lero. Ganizani, nyimbo yodziwika conco idayamba cifukwa ca ana amene ankaphunzira kugwira colembera.

Mu 1892 adasiya usilikali n'kuyambitsa bandi yakeyake. Bandi imeneyi idaimba nthawi zoposa 15,000 pa zaka pafupifupi 40. Mu 1910 ndi 1911 idazungulira dziko lapansi, ndipo idafika ngakhale ku South Africa. Palinso lipenga lalikulu lozungulira thupi la woimba, lokhala ndi kamwa lalikulu pamwamba pa mutu. Limachedwa sousaphone, kutengera dzina lake, cifukwa ndiye adapempha kuti lipangidwe.

Koma munthuyu adali ndi nkhawa imodzi. Masiku amenewo kudabwera galamafoni, makina oimba nyimbo za pa mbale. Mu 1906 adalemba nkhani yodandaula za makinawa. Cina cimene cinkamupweteka n'cakuti opeka nyimbo sankalipidwa nyimbo zao zikagulitsidwa pa mbale. Koma cacikulu cidali ici: ankaopa kuti anthu adzasiya kuimba okha. Ankaona kuti mwana akazolowera kungomvera makina, sadzavutikanso kuphunzira cida coimbira, ndipo aphunzitsi a nyimbo adzasowa ophunzira.

Kodi adalakwa? Mbali ina inde, cifukwa makina omwewo adasunga nyimbo zambiri zimene zikadataika. Koma mbali ina funso lake likadalipo, ndipo lafika pakhomo pathu. Lero foni yaing'ono imasunga nyimbo mazana. Nanga nyimbo za pamtondo akuzidziwa ndi atsikana angati? Nanga pamene agogo amene amayambitsa nyimbo za ngoma atatisiye, adzayambitsa ndani? Foni imaimba bwino, koma siingamugwire mwana dzanja n'kumuonetsa poomba ng'oma. Zimenezo zimafuna munthu.

Sousa sadangodandaula cabe. Mu 1917 dziko la America lidalowa mu nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Iye adali ndi zaka 62, munthu wolemera ndi wochuka, woti akadangokhala pakhonde. Koma adalowa gulu la asilikali a pamadzi kuti akaphunzitse anyamata kuimba m'bandi, pa malo ochedwa Great Lakes pafupi ndi mzinda wa Chicago. Adapempha malipiro a dola imodzi yokha pa mwezi. Anyamata mazanamazana adadutsa m'manja mwake.

Nkhondo yomweyo idafikanso kwathu kuno ku Africa, ndipo idasiya cizindikiro m'magule athu. Amuna a ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, adaona mabandi a asilikali a King's African Rifles. Atabwerera kumudzi adalibe malipenga acitsulo. Adatenga zikho n'kupanga malipenga aoao, nayamba kuguba m'mizere atavala zoyera. Umu ndi mmene adafalira magule a malipenga ndi mganda. Sadadikire kuti wina awagulire zida. Adaphunzira ndi maso ndi makutu, kenaka adaphunzitsa ana ao.

M'zaka zake zotsiriza Sousa adalimbikitsa kwambiri kuti nyimbo ziziphunzitsidwa m'sukulu. Akafika mu mzinda ndi bandi yake, kawirikawiri ankavomera kutsogolerako bandi ya ana a sukulu. Mwana woomba lipenga mosokoneza ankaima pamaso pa mfumu ya nyimbo zogubira, ndipo mkuluyo ankamukwezera kamtengo kake ngati mmene ankacitira ndi akatswiri.

Adamwalira pa 6 Malici 1932 mu mzinda wa Reading, ali ndi zaka 77. Maola ocepa asadamwalire adali akuyeseza bandi ya kumeneko. Nyimbo yotsiriza imene adatsogolera idali The Stars and Stripes Forever, imene adapeka mu 1896. Mu 1987 boma la America lidaisankha kukhala nyimbo yogubira ya dziko lonse.

Tsopano inu mwadziwa kuwerenga ndi kulemba. Muli ndi cida cimene makolo athu ambiri adalibe. Pezani kope ndi colembera, mupite kwa agogo kapena kwa woimba ng'oma wa m'mudzi mwanu. Apempheni akuimbireni nyimbo imodzi imene ana a lero sakuidziwa, yoti ingaimbidwe poyera. Lembani mau ake pang'onopang'ono, ngakhale zilembo zikhote. Lembaninso dzina la amene wakuphunzitsaniyo ndi tsiku lake. Madzulo, musadayatse wailesi, muitane ana muwaphunzitse. Mukadzakumana ndi anzanu ku sukulu ya akulu, aliyense adzawerenge imene walemba.